Kasupe wa ku Morrumbala ndi njira zimene zinamulambalala

Ku Makhanga, madzi amene aliyense amawadziwa ndi a Ruo ndi Shire: ofiira ndi matope, olowa m'nyumba usiku osaodira. Koma chigwa chomwechi chili ndi madzi a mtundu wina, amene amatumphuka pansi ali oyera, akufuka nthunzi, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kasupe wodziwika wa madzi otere kumunsi kuno ali patsinde pa phiri la Morrumbala, cha ku Pinda, makilomita pafupifupi 100 kummwera kwa Makhanga. Lero kumeneko ndi ku Mozambique, m'chigawo cha Zambézia, ndipo Amalawi ambiri sanamvepo za kasupeyu. Komatu zaka zoposa 160 zapitazo anali m'mbali mwa msewu waukulu, pakuti nthawi imeneyo msewu waukulu unali mtsinje wa Shire.

Mbiri yake inafika kutali kudzera m'buku la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, losindikizidwa mu 1865, lofotokoza za ulendo wawo pa Zambezi ndi mitsinje yothira m'menemo. Mu 1859 anakwera Shire katatu pa sitima ya pamadzi yotchedwa Ma Robert. Sitimayi inali yosautsa. Inkadya nkhuni mosaneneka, moti nthawi yogwetsa mitengo inkaposa nthawi yoyenda, ndipo eni akewo anachita kuipatsa dzina lonyoza loifanizira ndi munthu wa mphumu. Ndimaganiza kuti ulesi wa sitimayi ndi umene unathandiza kuti aone zambiri za m'mphepete mwa mtsinje. Livingstone ndi John Kirk, dokotala amene analinso katswiri wa zomera, anakwera phiri la Morrumbala, lotalika pafupifupi mamita 1,200, ndipo pamwamba pake anapeza midzi, mitengo ya mandimu ndi malalanje, ndiponso zinanazi.

Kasupeyo anamupeza pachidikha, chakumpoto kwa phirilo. Madzi ankatuluka pamalo awiri oyandikana n'kupanga kamtsinje. Atayeza anapeza madigiri 174 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 79 pa muyeso wa Celsius umene timagwiritsa ntchito masiku ano. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100, choncho awa anali asanafike powira kwenikweni, koma ataikamo dzira linapsa ndithu. Pansi pa madziwo panali abuluzi ndi tizilombo takufa, pamiyala panayanga zinthu zonunkha sulufule, ndipo chapatali pang'ono, pamene kutentha kunali kutachepako, munthu ankatha kusamba m'matope ofunda, khungu n'kuyera. Livingstone, poti anali sing'anga, anadabwa kuti Apwitikizi, amene ankavutika ndi nthenda za pakhungu, sankabwera kudzasamba pamalopo.

Amene amandichititsa chidwi m'nkhaniyi ndi bambo amene anawaperekeza. Anathyola kanthambi n'kukaponya m'madzimo kuti alendowo aone mmene masamba amafotera msanga, ndipo anawauza kuti amenewa ndi madzi owira, mawu amene mwana wa ku Muona kapena ku Fatima angamve lero popanda womasulira. Munthu amene akuopa malo, kapena amene akuwaona koyamba, sachita masewera otere. Bamboyu ankadziwa chimene chimadabwitsa mlendo, ndipo n'kutheka kuti Angereziwa sanali alendo ake oyamba. Shire inali njira kuyambira kalekale. Amang'anja a mu ufumu wa Lundu ankalima thonje n'kuwomba nsalu za machila, ankasula makasu, ankatcheza mchere, ndipo katunduyu ankatsika ndi mabwato kupita ku Sena, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1530, mpaka ku Quelimane. Aliyense wotsika kapena wokwera ankadutsa patsinde pa Morrumbala. Madzi opatulika a Amang'anja anali ena: mvula yopemphedwa kwa Mbona ku Khulubvi, ndi dambo la Ndindi limene limatchulidwa m'nkhani ya imfa yake. Kasupe wotenthayu, malinga ndi mmene alendowa anamuonera, anali malo amene munthu amapatukirapo ali paulendo.

Njira imene imabweretsa malonda ndi yomweyo imabweretsa nkhondo. Cha mu 1861 Paul Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya, anamanga linga lake m'dera la Morrumbala, ndipo asilikali ake a mfuti ankagwira akapolo kutsidya la kummawa kwa Shire mpaka kukafika ku Ruo. Chilala chinagwa pamwamba pa nkhondoyo. Njala ya 1862 ndi 1863 inapulula midzi, moti Livingstone pokweranso mtsinjewu kumayambiriro kwa 1863 ankakumana ndi mitembo ikuyandama. M'zaka zomwezo, pafupi penipeni ndi pamene pali Makhanga lero, panachitika imfa imene inamveka mpaka ku England. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA ku Magomero anatsikira kumathiriro a Ruo kuti akakumane ndi Livingstone. Bwato lake linagubuduka, mankhwala a malungo anapita ndi madzi, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862 pachilumba cha Malo, n'kuikidwa m'manda kufupi ndi Chiromo. Amene anamulowa m'malo, Bishopu William Tozer, anasamutsira mishoniyo pamwamba pa phiri la Morrumbala mu 1863, poganiza kuti kumtunda kulibe malungo. Sanakhalitse. Mu 1864 ananyamuka ulendo wa ku Zanzibar. Kwa miyezi yowerengekayo, likulu la mpingo umene lero ndi wa Anglican m'Malawi linali pamwamba pa kasupeyu.

Malire ndiwo anayamba kumulekanitsa ndi anthu a kumtunda. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone anatsala m'chigwachi n'kusanduka mafumu, ndipo mmodzi wa iwo, Chipatula, ankalamulira cha ku Chiromo mpaka pamene mzungu wina wamalonda, George Fenwick, anamuwombera mu 1884. Mu 1889 gulu lankhondo la Mpwitikizi Serpa Pinto linakwera Shire n'kumenyana ndi Amakololo. Boma la Britain linaopseza Portugal mu Januwale 1890, ndipo pangano la mu Juni 1891 linaika malire pa Ruo ndi pa Shire kumunsi kwa Chiromo. Makhanga anagwera kwa Angerezi, Morrumbala kwa Apwitikizi. Komabe panganolo linalola kuti sitima za mayiko onse ziziyenda pa Zambezi ndi Shire, ndipo Angerezi anapatsidwa malo ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, oti azitsitsirapo katundu. Ndiye kwa zaka zina makumi awiri, pafupifupi aliyense wolowa m'dziko muno kuchokera kunyanja ya mchere, kaya mmishonale, kaya bwanamkubwa, kaya mmwenye wodzatsegula sitolo, ankadutsabe pansi pa phiri lija pa sitima za Mandala ndi makampani ena, asanafike ku Port Herald, kumene ndi ku Nsanje lero, kapena ku Chiromo kumene kunali ofesi ya kasitomu.

Kenako mtsinje unayamba kukana. Madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika chaka ndi chaka, ndipo pofika 1915 anasiyiratu kutuluka kulowa mu Shire, mpaka cha mu 1935. Kumunsi kuno mtsinje unkangodalira Ruo ndi mitsinje ina ing'onoing'ono, sitima zinkatitimira mumchenga, ndipo miyezi yambiri pachaka sizinkafika ngakhale ku Port Herald. Njanji inalowa m'malo. Ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre, yowoloka Shire pa Chiromo, inatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 anaitalikitsa mpaka ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unalumikiza njanjiyi ndi ya ku Beira. Kummwera kwa Chiromo njanji inadzera tsidya la kumadzulo kwa Shire. Morrumbala ndi kasupe wake anatsala tsidya linalo, ndipo wapaulendo wa m'sitima ya pamtunda analibe chifukwa chotsikira. Makhanga ndiye anapindula: panakhala siteshoni, msika, ndi malo a boma ofufuzira za ulimi.

Si onse anaiwala njira yakale. Asena ambiri amene anadzaza boma la Nsanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankathawa msonkho ndi chibalo cha m'minda ya makampani ya kwa Apwitikizi, ndipo abale awo anatsala kutsidya. Kwa iwo mtsinje sunakhalepo mpanda: amawoloka kukalima, kukalira maliro, kukakwatira. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ndi imene inatseka dera la Morrumbala kwa zaka zambiri. Mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa mu 1986, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo inafika nthawi imene othawa nkhondo m'boma la Nsanje anachuluka kuposa eni dera. Mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Pa zaka zimenezo palibe amene akanaganiza zopita kukasamba patsinde pa phiri limene linali m'manja mwa asilikali.

Zimene zinachitikira kasupeyu zinadzachitikiranso Makhanga, ndipo apa anthu a kuno safunika kuuzidwa. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu anawatcha Mtayamoyo, ndipo kuyambira pamenepo wowoloka amadalira bwato. Sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga, imene inasanduka mathero a njanji m'malo mwa podutsira. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya khwawa lake n'kudzitsegulira lina, anadula njanjiyo, ndipo Makhanga anatsala pachilumba. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anangowonjezera pa bala lomwelo, ndipo nkhani ya boma yakhala yoti anthu asamukire kumtunda. Pakati pa zonsezi panali kuyesa kumodzi kobwezeretsa mtsinje kuti ukhalenso msewu: doko la Nsanje limene Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010. Chombo chimene chinkayembekezeka tsikulo chinagwidwa ndi akuluakulu a Mozambique chisanafike, ndipo dokolo silinagwirepo ntchito. Chikanadutsa, chikanadzera patsinde pa Morrumbala monga ankachitira Ma Robert.

Chimene chimatenthetsa madziwa chili pansi pa mapazi a anthu a ku Makhanga omwewa. Chigwa cha Shire ndi nsonga ya kummwera ya chigwa chachikulu cha kummawa kwa Africa, kumene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, mbali ina n'kumatitimira. Khoma la mapiri a Thyolo limene limaoneka kuchokera ku East Bank, tsidya la kummawa kwa Shire, ndi mlomo wa mng'alu wotere. Akatswiri amautcha mng'alu wa Thyolo, ndipo nthambi yake ina anaipatsa dzina la Muona. Kumadzulo kuli mng'alu wa Mwanza. Ming'aluyi ndi yamoyo: chivomerezi cha mu Malichi 2018 chimene chinagwedeza Nsanje ndi madera oyandikana nawo a ku Mozambique chinachokera m'chigwa chomwechi, monga cha ku Salima cha 1989 ndi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinachokera m'ming'alu ya kunyanja. Ku Malawi kulibe phiri lophulika moto lamoyo. Apafupi ali ku Rungwe, ku Tanzania. Madzi a m'akasupe athu otentha ndi mvula wamba imene inalowa pansi kumapiri kalekale, n'kutsika m'ming'alu ya matanthwe. Pansi pamatentha madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene watsika, ndiye madzi amene afika makilomita awiri kapena atatu amatentha kwambiri, amapepuka, ndipo akapeza mng'alu wotseguka bwino amakwera msanga asanazizire. Kutitimira kwa nthaka kumene kunapanga dambo la Elephant Marsh ndi chidikha chimene Ruo amasefukiramo ndi komweko kumene kunatsegula njira za madzi otenthawa. Ndipo poti gwero lake ndi mvula yolowa pansi, nkhalango za kumtunda zili ndi gawo lake pankhaniyi. Phiri la Thyolo linametedwa mpala, nkhalango ya Matandwe ikutha ndi makala, ndipo phiri lopanda mitengo limathamangitsira madzi kuchigwa m'malo mowamwetsa pansi.

Atsamunda atakhazikitsa nthambi yofufuza za miyala, imene Frank Dixey anaitsogolera m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, akasupe otentha anayamba kulembedwa pamapu, ndipo mu 1969 I. M. Kirkpatrick anasindikiza kafukufuku wa akasupe otentha a m'Malawi. Alipo ochuluka ndithu, kuyambira ku Chitipa ndi Karonga, kutsika m'mbali mwa nyanja, kudzera ku Liwonde mpaka kuchigwa. Koma funsani munthu wamba kuti atchule amene amawadziwa. Atchula Chiweta, m'boma la Rumphi, pamene msewu wa M1 umatsika chikweza chokhotakhota chija n'kufika kunyanja, kumunsi kwa Livingstonia. Madzi a pamenepo amafika madigiri pafupifupi 79, ofanana ndi amene Livingstone anayeza ku Morrumbala. Atchulanso Mawira ku Nkhotakota, pafupi ndi msewu wa M5. Wa ku Zambia atchula Chinyunyu, amene ali m'mbali mwa Great East Road ukamachokera ku Lusaka kulowera ku Chipata, pamene apaulendo amaima kuti aone nthunzi ndi kugwira madziwo. Onsewa ndi odziwika chifukwa galimoto imadutsa pafupi. Ena otentha chimodzimodzi amadziwika ndi mudzi wawo wokha.

Pa akasupe a m'mbali mwa msewuwa pamakumana anthu a mitundu iwiri, ndipo zofuna zawo n'zosiyana. Mlendo amabwera ndi foni kudzajambula, mwina ndi dzira m'thumba. Mwini mudzi amabwera ndi beseni la zovala. Kwa mayi amene akanayenda mtunda kukatola nkhuni zotenthetsera madzi osamba ana m'mwezi wa Juni, kasupe wotentha ndi nkhuni zimene sanatole, ndiponso sopo amene wachita thovu msanga. Anthu amadziwa pamene madzi amawotcha ndi pamene amafunda bwino, amadziwa malo osambira amuna ndi osambira akazi, ndipo ambiri amakhulupirira kuti madziwa amathandiza pa mphere, zipere ndi nyamakazi. Kutentha kumaziziritsadi ululu wa m'mfundo, ndipo sulufule wakhala akugwiritsidwa ntchito m'mankhwala a pakhungu kuyambira kale, ngakhale kuti kusamba kokha sikulowa m'malo mwa chipatala. Kumayiko ena, monga ku Japan kapena mumzinda wa Bath ku England, anamangapo nyumba zosambiramo n'kuikapo mtengo wolowera. Ndikamamva anthu akudandaula kuti akasupe athu sanatukulidwe, ndimafuna ndidziwe kaye kuti mpanda ukamangidwa, mayi wa beseni uja adzakhala mkati kapena kunja.

Pali chinthu chimodzi chimene alendo a 1859 sakanatha kuyeza, chomwe ndi chofunika kwa anthu a kuchigwa kuposa madigiri. Madzi amene akhala nthawi yaitali m'matanthwe otentha amasungunula mchere wosiyanasiyana, ndipo wina mwa iwo ndi fluoride. Wochepa amalimbitsa mano, koma akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, umene ndi mlingo wa bungwe la World Health Organization, amathimbiritsa mano a ana, ndipo akachulukitsa amawononga mafupa. Akasupe otentha a m'Malawi ali m'gulu la madzi amene ali ndi fluoride wambiri, ndipo madzi a pansi amenewa amatha kusakanikirana ndi a m'mijigo yoyandikana nawo. M'madera ena a Nsanje ndi Chikwawa, monganso ku Nkhotakota ndi ku Liwonde, mano ofiirira si achilendo, ndipo mijigo ya madzi amchere imene anthu amaisiya n'kubwerera kumtsinje, kumene kuli ng'ona, ndi nkhani yodziwika m'chigwa chonse. Mchere umene Amang'anja akale ankatcheza n'kugulitsa ku Sena ndi womwewo umene lero umakanika kumweka pamjigo. Madzi a kasupe wotentha ndi osamba ndi kuchapira; si omwetsa mwana tsiku ndi tsiku.

Alendo atsopano pa akasupewa ndi ofuna magetsi. Dziko la Kenya linayamba kupanga magetsi ndi nthunzi ya pansi ku Olkaria mu 1981, ndipo lero gawo lalikulu la magetsi ake limachokera kumeneko. Koma ku Olkaria kuli mapiri a moto, ndipo nthunzi yake imaposa madigiri 200. Akasupe athu ndi ozizirirapo, ofunika makina a mtundu wina ndi zitsime zakuya zokwera mtengo. Zambia anayesa m'zaka za m'ma 1980 ku Kapisya, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, ndi thandizo la Italy, koma makinawo sanagwire ntchito imene anawaikira. Ku Malawi chifukwa chofunira njira ina chilipo chomveka, pakuti pafupifupi magetsi onse a madzi amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, pa mathithi amene anatsekereza Ma Robert mu 1859, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga nthawi yoposa chaka. Kafukufuku amene boma linachita ndi thandizo la World Bank anayeza akasupe m'dziko lonse, ndipo malo amene anaoneka oyenera kuwafufuza mozama anali Chiweta ndi Kasitu, kumpoto kwa Dwangwa. Anasankhidwa chifukwa cha kutentha kwa madzi ake, koma kulinso mwayi woti galimoto yonyamula makina okumbira ingathe kufikako pa tala, wina pa M1, wina pa M5. Ku East Bank, msewu wochokera ku Thabwa kudzera ku Fatima umadukabe pafupifupi dzinja lililonse.